Amene Anadula Mipesa ya pa Kamphepo

Milandu ya mbuzi zobedwa, ya njinga zosowa pamsika wa Mitundu, ngakhale ya anthu otemana chifukwa cha malire a munda, Sajeni Lusayo ankaidziwa ngati njira yopita kwawo. Koma mlandu wa mphesa unamupeza atagona. Munthu wa ku Karonga, wokulira mu mpunga ndi nthochi, mphesa ankangozimva m'Baibulo. Sankadziwa n'komwe kuti kuseri kwa Mitundu, kumene msewu umayamba kukwera molunjika ku Dzalanyama, kuli anthu amene amazilima n'kumapanga vinyo wa Misa.

Wogwidwa anali Patson, tenanti wa fodya wochokera ku Phalombe. Akuluakulu a parishi ya Kamphepo anabwera naye Lolemba atamumanga manja ndi luzi, akuti wadula mipesa makumi asanu ndi umodzi ya mishoni, mphesa zitangotsala pang'ono kupsa. Umboni unalipo ndithu: mitolo iwiri ya nthambi za mpesa inapezeka kuseri kwa chigafa chake cha fodya.

Lachiwiri m'mawa Lusayo anapeza mkazi wa Patson, dzina lake Elube, atakhala pakhonde la polisi, mwana ali kumsana.

"Bwana, fodya wapsa m'munda, masamba ayamba kuthothoka okha," anatero mayiyo asanapatsidwe n'komwe moni. "Eni esiteti ati mawa likafika dzuwa paliwombo bambo akunyumba asanabwere, munda apereka kwa wina, ife tilongedze. Tilongedze tilowere kuti, bwana, mvula ili chonchi, ndi ana atatu?"

Lusayo analowa m'kati n'kuitanitsa womangidwayo. Patson anali munthu wamtali, wowonda, zala zake zakuda bii ndi phula la fodya.

"Mipesa ija unadula?"

"Sindinadule, bwana."

"Nanga nthambi zija zinafika bwanji kwanu? Zinamera miyendo?"

"Ndinanyamula ndine."

"Lamulungu m'mawa unali kuti?"

"Ife ndi a Sabata, bwana, Lamulungu timagwira ntchito. Ndinakwera kumtunda kuja kukadula mikangala yoyanikira fodya."

"Ndiye unapeza mipesa ili yodula kale?"

Patson anayang'ana pansi.

"Iwe, mkazi wako ali panjapa akulira. Mawa akulandani munda. Ngati unaona munthu, tchula dzina, ukagone kwanu lero lomwe."

"Sindinadule, bwana. Ndinangonyamula."

Lusayo anakanda m'mutu. Mbava anali atazizolowera, zimakana zonse, ngakhale mbuzi ikulira m'chipinda chawo. Koma uyu ankavomera theka n'kukana theka, ndipo theka limene ankavomeralo ndi lomwe linali kumumanga. Sajeniyo anatenga chipewa n'kukaliza njinga yamoto.

* * *

Pa Kamphepo dzinalo silinama. Ngakhale unali mwezi wa Febuluwale, kamphepo kake kankalowa mpaka m'mafupa. Munda wa mpesa unali pamtsetse wa phiri, wopangidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse yotchingidwa ndi khoma la miyala. Mipesayo sinali mitengo italiitali monga Lusayo ankaganizira. Inayanga pa timathandala tofika m'chiuno, pafupi ndi nthaka.

A Jeremiya, tcheyamani wa parishi, anali akumudikira kale ndi ambulera m'khwapa. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, ndipo kupumako pakamwa pawo sipanamve.

"Sajeni, musanayambe chilichonse mumve kaye mbiri, mwamva? Mu 1974 kunabwera Bambo Oreliyo, wansembe wochokera kumpoto kwa Italiya. Kwawo ndi katauni ka m'chigwa, pakati pa mapiri amene chipale chofewa sichichoka pamwamba pake. Kumeneko makolo awo akhala akulima mphesa pamalo okwera kuposa kwina kulikonse. Amaziyanga pansipansi chonchi kuti miyala ikatentha masana, izifunditsa mipesa. Atafika pano anamva mphepo iyi nati, pano ndi kwathu. Zaka makumi asanu, Sajeni! Vinyo wa Misa wa maparishi atatu amachokera pamtsetse uwu. Lero wobwera, munthu woti si wa mpingo wathu n'komwe, watichita chipongwe chotere!"

"Chifukwa chiyani angachite zimenezi?"

"Nkhwidzi! Chaka chatha tinamuletsa kutunga madzi a nazale yake pakasupe wa mishoni. Ndipo taganizani, Lamulungu tonse tinali ku Misa, kuyambira eyiti koloko mpaka leveni. Amene sanali m'tchalitchi ndani? Amayi awiri anamuona akutsika ndi mtolo pamutu. Mukufunanso chiyani?"

Kunena zoona, Lusayo sankadziwa chimene ankafuna. Anangolowa m'mizere, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Mizere iwiri yam'munsi inali yometedwa mpala. Wachitatu unadulidwa mpaka pakati, kenako wodulayo analeka. Mphesa zosapsa zinali mbwee pansi, zikuola, ntchentche zili ng'waa. Pamabala a mipesayo pankadontha timadzi.

"Mphesa sanatengeko?"

"Ngakhale phava limodzi."

"Ndiye si wakuba." Lusayo anagwada. "Ndipo munthu wankhwidzi ali ndi chikwanje m'manja, bwanji osangotema tsinde n'kumapita? Mphindi khumi akanamaliza munda wonse. Uyu wataya maola akudula kanthambi kamodzikamodzi."

"Satana sasowa nthawi, Sajeni."

Lusayo anabwereka chikwanje cha mlonda wa usiku wa pamishonipo n'kutema imodzi mwa nthambi zimene zinatsala pansi. Inang'ambika, makungwa n'kusendeka. Koma mabala a pamipesa anali osalala, opendekera mbali imodzi, onse ofanana ngati anachita kuyeza. Pa kachitsa kalikonse panatsala timaso tiwiri tophukira. Anawerenga mpesa woyamba, wachiwiri, mpaka wa khumi: tiwiri, tiwiri, tiwiri. Woononga wanji waudongo chonchi?

Ndipo m'matope, pambali pa mpesa uliwonse, munali maenje awiri a mawondo. Pafupi nawo panali kabowo kozungulira, kakuya ngati chala.

"A Jeremiya, Patson amayenda ndi ndodo?"

"Ndodo? Mnyamata wathanzi lake uja?"

"Nanga amene anagwada apa ankadzuka atatsamira chiyani?"

Lusayo anawasiya a Jeremiya pamtsetsepo n'kulunjika kosungira vinyo.

* * *

Mosungira vinyo munali m'nyumba ya miyala yokumbidwa m'phiri, mozizira, monunkhira zowawasa. Amene ankasunga makiyi anali Rute, mayi wa zaka za m'ma makumi anayi. Lusayo anamupeza akutsuka migolo, koma manja ake ankangopukuta malo amodzimodzi.

"Ntchito imeneyi munaiphunzira kuti, amayi?"

"Kwa bambo anga, a Efulemu. Bambo Oreliyo anawatumiza kwawo ku Italiya kuja zaka ziwiri kukaphunzira. Wansembeyo atamwalira, munda unatsala m'manja mwawo. Pano akalamba, satuluka m'nyumba."

"Lamulungu munali kuti?"

"Ku Misa. Ndimaimba kwaya, aliyense anandiona."

Kukhoma kunali misomali yokolekapo zida, ndipo pansi pa msomali uliwonse wina anajambula ndi makala chithunzi cha chida chake. Khasu linalipo, macheka analipo. Msomali umodzi wokha unali wopanda kanthu, pansi pake patajambulidwa chinthu chonga sizasi yokhota kukamwa.

"Apa pamakhala chiyani?"

"Sizasi yothenera. Inasowa kalekale."

"Kalekale liti?"

"Sindikukumbuka, bwana."

Lusayo anapitirira ngati sizikumukhudza. Anafunsa za migolo, anafunsa ngati vinyo amaledzeretsa wansembe, mpaka Rute anamwetulira pang'ono. Kenako, akuyang'ana kudenga ngati munthu wongocheza, anati:

"Ine kwathu nthochi timangodula mkoko n'kusiya ana. Kodi mipesanso imathenedwa?"

"Eya, chaka ndi chaka. Koma mu Julayi, kukazizira, masamba atagwa. Nthawi ino ukaidula imalira, zipatso zonse n'kutayika."

"Ndiye pothenapo mumadula paliponse?"

"Ayi, bwana, mungaiphe! Mumadula mopendeketsa kuti madzi asakhalepo, n'kusiya maso awiri."

Atangotero, Rute anagwira pakamwa. Nsanza yopukutira ija inagwera mumgolo.

"Ndi anthu angati pa Kamphepo pano amene amadziwa kudula chonchi?"

Rute anawerama n'kuvuula nsanza ija mumgolo.

"Inu munali ku kwaya," anatero Lusayo pang'onopang'ono. "Tiyeni tikawaone bambo anu."

* * *

A Efulemu anali atakhala pabedi, atavala jekete lochindikala ndi chipewa chaubweya, ngakhale m'chipindamo munali motentha. Ndodo yawo inali pakona, kunsonga kwake kuli matope ofiira ouma. Ataona Lusayo nkhope yawo inawala.

"Aa, mwabwera! Kodi ndinu a positi? Msewu wa kuchigwa watseguka? Ankati chipale chatseka mlatho."

Lusayo anacheuka kuyang'ana Rute, koma Rute anali atayang'ana kukhoma. Sajeniyo anayankha mwaulemu kuti msewu uli bwino, n'kukhala pampando.

"Khalani, khalani. Mwamwa vinyo wa chaka chino? Ndi woyera, wowawasa pang'ono, ngati madzi a m'phiri. Anthu a kumunsi amaseka kuti kuno mphesa sizingapse. Sadziwa miyala! Mwala ndi bulangete la mpesa, mnyamata iwe." Nkhalambayo inaseka, kenako nkhope inagwa. "Koma sizasi yanga andibisira. Mzere wachitatu sindinamalize, mawondo anakana. Abwana akabwera adzati Mmalawi uja ndi waulesi."

"Munathenera liti, agogo?"

"Nthawi yake! Mwezi wake ndi uno, simukuona?"

Analoza kukhoma la kumiyendo kwa bedi. Panali kalendala yakale ya mu 1985, mapepala ake achikasu, mawu ake achilendo. Chithunzi cha mwezi wachiwiri chinali cha katauni ka m'chigwa, nsanja ya tchalitchi ili pakati, kumbuyo mapiri oyera mbee. Kutsogolo kwake, pa masitepe a miyala ofanana ndendende ndi a pa Kamphepo, amuna atatu ovala majekete anali atagwada pansi pa timathandala, aliyense sizasi ili m'manja.

Lusayo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Zimene aphunzitsi anamuuza ali Sitandade Seveni, kuti kuno kukamagwa mvula ku Ulaya kumakhala kuli chisanu, anali asanazigwiritsepo ntchito moyo wake wonse. Zinamuthandiza tsiku limenelo, koma sanasangalale nazo. Anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamusokoneza kuposa mlandu weniweniwo.

Rute anamutsatira panja n'kugwada m'matope momwemo.

"Ndine wolakwa, bwana. Kalendala ija amaikonda, ndiye mwezi ukatha ndimawatembenuzira tsamba. Sindinaganize. Mutu wawo unabwerera kuchigwa kuja, ine amanditcha dzina la malemu mayi anga. Lamulungu ndinawasiya ali m'tulo. Pobwera ndinawapeza pabedi pomwepo, koma mawondo ali matope okhaokha, sizasi ili m'thumba la jekete."

"Ndiye munalola munthu wosalakwa agone m'chitokosi?"

"Ndinalola." Misozi inali chuchuchu. "Bwana, inu ndinu wapolisi, mukudziwa zimene anthu amachita ndi nkhalamba yoyenda yokha, yolankhula zosamveka. Sanena kuti yadwala. Amati ndi mfiti, yagwa paulendo. Akamva kuti anadula mipesa ya tchalitchi, nthawi ya Misa, akulankhula chilankhulo chachilendo, nyumba ino ikhala phulusa. Lembani kuti ndinadula ndine."

"Kwaya yonse inakuonani, amayi. Ndipo bodza sindilemba."

"Nanga mulemba chiyani?"

Funso limenelo Lusayo anali akudzifunsa kale. Akatchula dzina la nkhalambayo, aiika pamoto. Akapanda kutchula, Patson apita kukhoti, ana atatu n'kugona pamvula. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anauza Rute kuti adzuke, iye n'kubwerera kumunda kuja wapansi, njinga yamoto ataiiwala pakhomo pomwepo.

* * *

A Jeremiya anali akadali pamtsetse paja, akuwerenganso mipesa. Lusayo sanawauze zambiri. Anangowapempha kuti agwade.

"Ndigwade? M'matope? Ndi buluku la suti?"

"Gwadani, aphunzitsi. Kuyambira Lamulungu mwakhala mukuyang'ana munda uno muli chilili. Taonani balali. Chikwanje chimadula chonchi? Werengani maso atsalawo."

A Jeremiya anagwada monyinyirika, n'kuvala magalasi. Anagwira kachitsa kamodzi, kenako kena. Anaika chala m'kabowo ka ndodo kaja. Pamene ankadzuka, anachita kugwira khoma.

"Ili ndi dzanja la Efulemu," anatero ndi mawu otsika. "Mayo ine. Tinabatizidwa tsiku limodzi ndi munthu ameneyu. Ndimamva kuti wadwala miyendo basi. Miyezi isanu ndi itatu sindinapiteko kukamuzonda."

"Wadwala mutu, ndipo mwana wake akuopa anthu anu omwewa. Tsono tandiuzani, pamabuku a parishi woyang'anira munda uno ndani?"

"Akadali Efulemu. Sitinasinthe, tinkachita manyazi kumuchotsa."

"Ndiye ine sindikuona mlandu. Woyang'anira munda wathenera munda wake, walakwitsa nyengo. Zimenezo si za polisi. Ine m'buku ndilemba zoona zokhazokha, dzina ndi zonse, koma buku langa siliwerengedwa paguwa. Chimene anthu amve chichokera pakamwa panu."

A Jeremiya anapukuta magalasi nthawi yaitali.

"Ndikauza komiti kuti mishoni yadzilakwira yokha, tathenera nthawi yolakwika. Wofuna dzina adzafunse ine, ndidzamuphunzitsa mbiri kuyambira 1974 mpaka adzatope. Dandaulo lija ndikulichotsa, Sajeni. Ndipo kwa mnyamata uja ndikapita ndekha kukapepesa, mwamva?"

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Lusayo anatsegula chitseko cha chitokosi. M'njira monse anali akudziyamikira pang'ono, pakuti ndi apolisi angati angamasule mlandu ndi kabowo ka ndodo ndi kalendala ya zaka makumi anayi? Anabwezera Patson lamba ndi nsapato zake.

"Mlandu watha, achimwene. Pitani mukathyole fodya wanu. Amene anadula tamupeza, koma dzina lake si la inu."

Patson anamanga lamba mosafulumira.

"Mawondo aja ali bwanji? Anatupa kwambiri Lamulungu."

Lusayo anatembenuka n'kumuyang'anitsitsa.

"Mawondo a ndani?"

"A agogo aja, bwana. Ndinawapeza atakhala pakati pa mzere, akulephera kudzuka. Ankandiyesa wantchito wawo. Anandikalipira kuti nthambi sizigona m'munda, zimabweretsa matenda, ndizimange mitolo ndizichotse. Ndinawabereka kumsana mpaka pabedi pawo Misa isanathe, kenako ndinabwerera kukanyamula nthambizo, monga ananenera."

"Ndiye masiku awiri onsewa mumadziwa? Ine ndikukwera mapiri, ndikugwada m'matope ngati wopenga, inu muli phee? Bwanji osandiuza m'mawa muja?"

"Panali anthu ambiri pakhonde, bwana, ndipo makoma a pano ndi opyapyala." Patson anakhala pabenchi n'kuyamba kuvala nsapato. "Mayi anga nawonso anayamba choncho, kwathu ku Phalombe. Ankadzuka n'kumakalima munda wa eni ake, akuti ndi wa malemu bambo. Tsiku lina anawapeza m'munda wa munthu amene mwana wake anali atangomwalira. Ine ndinali kuno ku esiteti. Pamene uthenga unkandipeza, anali ataikidwa kale, ndipo amene anawagenda anali anthu oti mayi anawalera."

Lusayo anasowa poyang'ana. Ulemu umene anadzipatsa m'njira muja unasungunuka wonse, ndipo anachita manyazi.

"Achimwene, anthu ngati inu ndi ochepa. Munali wokonzeka kutaya munda, nyumba, zonse, chifukwa cha nkhalamba yoti si mbale wanu."

Panja Elube anali ataimirira, atamva mawu a mwamuna wake, ndipo mwana kumsana kuja anayamba kulira. Patson anamvetsera kulirako, chingwe cha nsapato chili m'manja. Anapukusa mutu.

"Musandiyamikire, bwana. M'mawa muja mutanena kuti mayi a ana ali panja akulira, ndinakhala m'katimo n'kuwerenga ana anga. Ndinali nditatsimikiza kale mumtima. Mukanachedwa mpaka mawa, ndikanawatchula agogo aja."